Kalata kwa mwana wanga amene akuti kwamudera

Mwana wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli ndi mphamvu pang'ono kusiyana ndi tsiku lija tinalankhulana. Pa foni paja sindinanene zambiri. Mawu ako ankanjenjemera, ndipo munthu akamalira sumuyambitsira ulaliki. Lero ndakhala pansi, ndiye undilole ndilankhule monga bambo ako.

Unandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, ntchito inatha, ndipo chiyambire pamenepo pemphero lako likumangogunda kudenga n'kubwerera, unati, "Bambo, kwandidera." Chachiwiri unachinena mothamanga ngati kankhani kakang'ono: mkazi wako sakudziwa. M'mawa uliwonse umavala malaya ositidwa bwino, kutenga chikwama, kutsanzika ana, n'kupita kukakhala kwinakwake mpaka nthawi yoweruka. Mwezi ukatha umabwera ndi ndalama za ngongole n'kuzitcha malipiro. Iwe ukuona ngati vuto lalikulu ndi loyambalo. Ine chikundisowetsa tulo ndi chachiwiricho. Zonse ziwiri ukuzitcha mdima, koma si mdima umodzi. Wina wachita kukugwera, winawo ukuwumanga wekha tsiku ndi tsiku.

Ndiyambe ndi wokugwerawo, chifukwa ukudziimba mlandu pa chinthu chimene si mlandu.

Pali chiphunzitso china chofala pakati pa akhristu, nthawi zambiri sichichokera n'kuguwa komwe koma m'milomo ya anzathu, chakuti munthu wa Mulungu zake zimakhala zowala nthawi zonse, ndipo zikamuvuta ndiye kuti penapake pali tchimo kapena chikhulupiriro chachepa. Ophunzira a Yesu nawonso ankaganiza choncho. Pa Yohane 9 anakumana ndi munthu wobadwa wakhungu, iwo n'kufunsa kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri. Ndipo ndi pomwepo, ali pafupi ndi munthu amene sanaonepo dzuwa chibadwire, pamene ananena kuti iye ndiye kuunika kwa dziko lapansi. Anzake a Yobu anatha machaputala ambirimbiri akumuumiriza kuti avomere tchimo limene sanachite, koma pa Yobu 42:7 amene Mulungu anawapsera mtima ndi iwowo, osati Yobu wodandaula uja. Kuntchito akamachepetsa anthu, dzina lako n'kupezeka pa mndandanda, chimenecho si chiweruzo chochokera kumwamba. Ndi tsoka, ndipo tsoka limagwera olungama ndi osalungama omwe.

Ukuti sukutha kupemphera. Usiku uno utsegule Salimo 88. Mwa masalimo 150 aja, ambiri odandaula amayamba ndi misozi koma pofika kumapeto amatembenuka n'kuyamba kutamanda. Ili ayi. Hemani, mlembi wa salimoli, akuti wafuula usana ndi usiku, akufunsa Mulungu chifukwa chimene wamubisira nkhope, akuti abwenzi amutalikira, ndipo salimolo limathera pa mdima, basi, popanda aleluya. Amene anasonkhanitsa nyimbo zopembedzera Mulungu sanalichotse. Analisiya momwemo kuti munthu ngati iwe akasowa mawu apeze pobwereka. Taona kuti Hemani akudandaula, inde, koma akudandaulira Mulungu yemweyo, sananyamuke n'kuchoka. Ngati pemphero lako lonse likhala lakuti "Ambuye, muli kuti?", limenelo ndi pemphero lathunthu.

Timakonda kuganiza kuti kumene kwada, Mulungu kulibe. Malemba sakutero. Pa phiri la Sinai anthu anaima patali, koma Mose anayandikira mdima wandiweyani, ndipo Eksodo 20:21 akuti m'menemo ndimo munali Mulungu. Solomoni popereka kachisi anakumbutsa anthu zomwezo pa 1 Mafumu 8:12. Pa Gologota kunada kuyambira 12 koloko masana mpaka 3 koloko, ndipo Mwana wa Mulungu mwini wake anafuula kufunsa chifukwa chimene wasiyidwira. Aliyense woima pamenepo ankaona ngati zonse zathera pompo, chikhalirecho ndi nthawi imene dziko linkawomboledwa. Kuuka kwakenso sikunadikire dzuwa: Mariya wa ku Magadala anafika kumanda kudakali mdima, n'kupeza mwala wachotsedwa kale.

Usaganize kuti zoterezi zinathera m'Baibulo. Mother Teresa a ku Kolkata ku India, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1979 n'kumwalira mu 1997, dziko lonse linkawaona ngati munthu wokhala pafupi kwambiri ndi Mulungu. Makalata awo atasindikizidwa mu 2007, anthu anadabwa kumva kuti kwa zaka pafupifupi 50, kupatula kanthawi kochepa, mumtima mwawo munali mouma, osamva kuti Mulungu ali pafupi. M'mawa uliwonse ankadzukabe kukapemphera ndi kukasamalira odwala. Koma chimene ndikufuna uchigwire n'chakuti makalatawo alipo chifukwa mayiwa sanabise. Dziko sanaliuze, koma ansembe owalangiza pa zauzimu ankawalembera zonse.

Yesaya 50:10 akulankhula ndi munthu woopa Yehova, womvera, koma amene akuyenda mumdima popanda kuwala kulikonse. Sakumudzudzula. Akungomuuza kuti akhulupirire dzina la Yehova ndi kutsamira pa Mulungu wake. Ndime yotsatira ndiyo anthu sakonda kuiwerenga. Ikunena za odzikolezera moto wawo, oyatsa miuni yawo n'kumayenda m'kuwala kwa moto umenewo, ndipo mathero awo akuti ndi kugona pansi m'zowawa. Mwana wanga, ngongole ukutengazi ndi moto wotero. Zikukuunikira mpaka mwezi uthe, kenako zikutentha.

Apa ndiye tafika pa nkhani ya mkazi wako.

Yohane 3:19-21 akuti anthu anakonda mdima koposa kuunika, ndipo munthu amathawa kuunika poopa kuti ntchito zake zingaonekere. Ambiri tikamva ndimeyi timaganiza za akuba ndi achigololo. Koma Adamu atabisala pakati pa mitengo ya m'munda, chifukwa chimene anapereka chinali mantha, poti anali wamaliseche. Iwe sunabe kanthu. Wabisala chifukwa ukuchita manyazi kuoneka wopanda kanthu pamaso pa mkazi amene unamulonjeza kuti udzamusamala. Ndikumvetsa, inenso ndine mwamuna. Koma bodza silifunsa kuti unalinena chifukwa chiyani, limangobereka. Loyamba linali limodzi, tsiku lija unafika pakhomo n'kuyankha kuti kuntchito kunali bwino. Lero uyenera kumakumbukira bwana amene unati anakukalipira sabata yatha, msonkhano umene unati unakuchedwetsa, ndi chifukwa chimene foni umaivundikira patebulo ikamalira. Davide pa Salimo 32 akuti pamene anakhala chete mafupa ake anakalamba ndi kubuula kwa tsiku lonse, mphamvu zake n'kuuma. Kuwonda kumene tinakuona nako ulendo watha sikukuchokera ku ulova wokha.

Diso la munthu lili ndi khalidwe lake. Ukalowa m'chipinda chamdima poyamba suona kanthu. Kamwana ka diso kamakula kuti kalowetse kuwala kochuluka, ndipo pofika mphindi 20 kapena 30 umatha kuzindikira bwino mpando, khomo, ngakhale nkhope ya munthu. Umafika pomati muno si mwamdima kwenikweni. Wina akangoyatsa getsi maso amawawa, ndipo umakalipira woyatsayo. Chimene ndikuopa n'chakuti wayamba kuzolowera. Unati, "Zikuyendabe, ndimuuza ndikapeza ina." Amenewo ndi mawu a munthu amene maso ake azolowera. Nanga inayo ikachedwa miyezi ina isanu? Nanga ikapezeka, udzamuuzadi, kapena udzati zapita kale, bwanji kudzutsa zogona?

Tsono taganizira mbali ya mpongozi wanga. Iye akukonza za fizi ya ana, za lendi, mwina akulonjezanso kuthandiza kwawo, zonsezo powerengera malipiro amene kulibe. Ndipo usadzinamize kuti sakuona kanthu. Mkazi amene wagona naye chipinda chimodzi zaka zonsezi amadziwa ukamatembenukatembenuka usiku. Akuona kuti foni ukuibisa, kuti wasiya kuseka, kuti akakufunsa za kuntchito umayankha mawu awiri n'kusintha nkhani. Posowa choonadi, mtima wake ukudzaza mipatayo ndi zake, ndipo chimene mkazi amayamba kuganiza zikatero ukuchidziwa: kuti kunjaku kuli wina. Ukuti ukumuteteza ku nkhani ya ntchito, pamene wamusiya akudwala ndi nkhani yoipa kuposa pamenepo. Ananso usawaderere. Sadziwa za ngongole, koma amadziwa kuti masiku ano bambo akafika, m'nyumba mumazizira.

1 Yohane 1:7 imandidabwitsa nthawi zonse ndikaiwerenga. Mtumwiyo atanena kuti Mulungu ndiye kuunika, ndipo mwa iye mulibe mdima ngakhale pang'ono, ukanayembekezera kuti apitirize kuti tikayenda m'kuunika tiyanjana ndi Mulungu. Koma iye akuti tiyanjana wina ndi mnzake. Ndiye mwina kuuma kwa pemphero lako mbali ina kukuchokera pamenepa. Sindikunena kuti Mulungu akukulanga. Ndanena kale kuti ayi. Ndikunena kuti n'kovuta kugwada pambali pa bedi n'kutsegulira Mulungu mtima wonse, pamene munthu amene wagona pabedi pomwepo wamutsekera.

Mu Uthenga wa Yohane muli amuna awiri a usiku. Nikodemo, mkulu wa Ayuda, anapita kwa Yesu usiku, mwina poopa maso a anzake. Yudasi naye, atalandira nthongo pa mgonero uja, anatuluka, ndipo Yohane 13:30 akungowonjezera kuti unali usiku. Onse awiri anayenda mumdima, koma wina ankalowera kumene kunali Yesu, winayo ankachokako. Nikodemo timamuonanso pa chaputala 7 akunena timawu tochepa toikira Yesu kumbuyo pakati pa Afarisi anzake, iwo n'kumunyoza. Kenako pa chaputala 19 akubwera atanyamula mure ndi aloe wolemera makilogalamu opitirira 30, kudzaika maliro a munthu wopachikidwa, pa nthawi imene ophunzira ambiri anali atabalalika. Zinamutengera nthawi, koma ankayenda cholowera kowala. Kundiimbira foni usiku uja kunali kuyenda kwa Nikodemo, ndipo ndakunyadira. Koma usaimire pa ine.

Usandimve molakwa. Kuyenda m'kuunika sikutanthauza kukaima kutsogolo kwa mpingo kapena kulemba pa Facebook kuti aliyense adziwe. Yesu amene pa Mateyu 5 anati kuunika kwathu kuwale pamaso pa anthu ndi yemweyo amene, chaputala chotsatira, anati popemphera ulowe m'chipinda utseke chitseko, ndipo popereka dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita. Zilipo zinthu zimene n'zako ndi Mulungu basi. Funso loti udzifunse n'lakuti, ndani akuvulala chifukwa chosadziwa? Anansi sakuvulala. Anzako a kukwaya sakuvulala. Mkazi wako akuvulala, pamodzi ndi amene anakukongoza ndalama poganiza kuti udakali pantchito. Uwerengenso bwino Mateyu 5:15: nyale ikaikidwa pa choikapo chake imaunikira onse a m'nyumbamo. A panja adzaona pambuyo pake.

Ndiye uchite motere. Usanalankhule naye, tenga pepala ulembe ngongole zonse: kwa yani, zingati, chiwongoladzanja chake, tsiku lobweza. Usasiyeko ngakhale imodzi, makamaka ija ukuichitira manyazi kwambiri, chifukwa akadzaitulukira yekha mwezi wamawa adzakayikira ndi zoona zomwe unanena. Sankha nthawi imene ana agona, foni uzimitse. Uyambe ndi tsiku limene ntchito inatha, osati ndi zifukwa zimene unabisira. Akakwiya, musiye akwiye. Mwina alira, mwina atuluka panja, mwina patha masiku osakulankhula. Za ntchitozo azimeza msanga; chimene chimupweteke ndi m'mawa uliwonse umene ankakusitira malaya, iwe n'kumutsanzika ukudziwa kuti ukunama. Usamutseke pakamwa ndi mavesi a kukhululuka. Kukhululuka ndi mphatso yake, aipereka pa nthawi yake. Chako n'kupepesa ndi kuyankha funso lililonse, ngakhale alifunse kachitatu. Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Pambuyo pake mudzakhala awiri pa pepala lija, ndipo udzadabwa njira zimene iye aziona, zimene iwe ndi mantha akowa sukuziona. Paulo pa Aefeso 5 akuti chipatso cha kuunika ndi ubwino, chilungamo ndi choonadi. Ndalama sanazitchule, choncho ukhoza kuyamba kubala chipatsocho m'thumba mulibe kanthu.

Chenjeranso ndi kuwala kwabodza, pakuti munthu wosimidwa amathamangira chilichonse chonyezimira. Pa 2 Akorinto 11:14 akuti Satana amadzionetsa ngati mngelo wa kuunika. Adzabwera ena okuuza kuti ukapereka ndalama yakutiyakuti kwa mneneri uje, kalata ya ntchito ifika sabata isanathe. Adzabwera a bizinesi zoti ndalama imabereka yokha ukangolowetsamo anzako. Pa foni pomwepo pali kubetcha, kumene kumalonjeza kukubwezera zonse usiku umodzi. Muyeso wake ngwosavuta: ngati chinthucho sungathe kumufotokozera mkazi wako masana, maso ndi maso, chisiye.

Kutchalitchi usasiye, ngakhale nyimbo zikumveka ngati phokoso chabe. Pita, ukhale kumbuyo ngati ukufuna, ena akuimbire. Salimo 119:105 amatcha mawu a Mulungu nyale ya kumapazi, ndipo nyale za nthawi imeneyo zinali timbiya tadothi ta mafuta, tokwana pachikhatho, tounikira pongoponda phazi. Za chaka chamawa usandifunse, sindikuziona. Chimene chikuoneka ndi cha sabata ino.

Pali chinanso chimene ndikufunsa mosazungulira, ndipo undiyankhe mosazungulira. Kodi ukugona? Ukudya? Kodi maganizo oti bola kufa anakufikirapo? Eliya, atangochoka pa chipambano cha pa phiri la Karimeli, anakakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe. Uwerenge 1 Mafumu 19. Mngelo sanamudzudzule. Anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, anamusiya agonenso, n'kudzamudyetsa kachiwiri. Zolankhula zinabwera pambuyo, ku Horebu. Mdima wina umalowa m'thupi ndi m'bongo. Ukaona kuti padutsa masabata awiri kapena kuposa uli wosweka mtima pafupifupi tsiku lililonse, tulo tasowa, chakudya sichikukoma, zimene unkakonda sizikukusangalatsanso, amenewo angakhale matenda a maganizo, ndipo amachizika. Kukaonana ndi dokotala kapena mlangizi sikuchepetsa chikhulupiriro cha munthu. Ngati maganizo odzipha abwera, usadikire kuti kuche. Undiimbire nthawi ina iliyonse, dzutsa mkazi wako, pita kuchipatala.

Tsopano za amayi ako. Unandipempha kuti nkhaniyi ikhale ya awiri, ndipo mpaka lero ndasunga. Koma masiku ano akandifunsa kuti mwana uja ali bwanji ndikumayang'ana kumbali, ndipo sindingakulangize kutuluka mumdima ine ndikulowamo chifukwa cha iwe. Choncho ndikukupatsa mpaka mwezi uno uthe. Kwa mkazi wako sindidzanena kanthu, imeneyo ndi ntchito yako ndipo palibe angakugwirire. Amayi ako okha ndidzawauza tsiku loyamba la mwezi wamawa, ndipo ndingakonde kuti pofika tsikulo ukhale utawaimbira wekha. Ngati ukufuna ndidzakhalepo polankhula ndi mpongozi wanga, ndibwera, ngakhale ndikuona kuti ndi bwino muyambe awiri.

Pepala la ngongole lija unditumizireko. Sindikulonjeza kuti ndimaliza zonse, koma tiona imene chiwongoladzanja chake chikuthamanga kwambiri, tiyambe ndi imeneyo. Unditumizirenso mapepala ako a sukulu ndi kalata ya kumene unkagwira kuja. Pali anthu angapo amene ndingawafunse.

Upereke moni kwa adzukulu anga, uwauze kuti agogo awo akuwasowa.

Ndine,
Bambo ako